GEMU IKAKANA RAUTA, MLANDU NGWA YANI?

M'nyumba zambiri za mu mzinda wa Lilongwe, makamaka ku Area 3, Area 9, Area 10, Area 12 ndi Area 43, mwabuka mkangano umene makolo athu sadaudziŵe. Mkanganowu umayamba madzulo kapena pa tchuti, pamene mwana wayatsa makina ake a maseŵera, aja ambiri amangoti gemu kapena PS, kuti amenye mpira ndi mnzake wa ku Area 47 kapena wa ku Johannesburg kudzera pa intaneti, koma makinawo n'kukanitsitsa kulumikizana ndi rauta ya pakhomopo. Mwana amati rauta yakalamba. Bambo amati mwana waononga chinthu chodula. Mai amaloza chala kampani imene imaŵagulitsa intaneti. Pofika Loŵeruka mumapeza mmodzi wa iwo ali pa ulendo wa ku Old Town, gemu ili m'chikwama, kukasaka mmisiri. Kapenanso kukagula rauta yatsopano imene, ikafika kunyumba, idzachita ndendende zomwe inkachita yakale ija.

Ndalama zotayika motere si zochepa. Gemu, rauta ndi zonse zoyendera nazo limodzi zimachokera kunja, ndipo chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yake njoŵaŵa. Chomvetsa chisoni n'chakuti nthaŵi zambiri pa zipangizo ziŵirizi palibe chimene chafa. Mau akuti "netiweki yakana" amaphimba zovuta zambiri zosiyana, ndipo mfumu yanzeru sigamula mlandu isanamve mboni. Ndikhulupirira kuti mnyamata kapena mtsikana aliyense amene adafika Fomu 4 angathe kupeza yekha pamene pavuta asanatulutse ngakhale tambala, malinga afunse mafunso mwa dongosolo lake. Paja akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

MBONI ZITATU

Mboni yoyamba ili m'gemu momwemo. Pa PlayStation 4 ndi PlayStation 5, mukaloŵa ku Settings n'kupita ku Network, mupeza mau akuti Test Internet Connection; Xbox ndi Nintendo Switch nazonso zili ndi mayeso a mtundu womwewu. Makinawo amayesa ulendo wonse, gawo ndi gawo, nalemba zotsatira m'mizere yotsatana: dzina la netiweki imene agwira, ngati alandira nambala ya IP, ngati intaneti yafika, ngati aloledwa kuloŵa ku PlayStation Network, mtundu wa NAT, ndipo potsiriza liŵiro. Mzere woyamba kulephera ndiwo uli ndi mlandu. Ya m'munsi mwake imangoima chifukwa cha iwo, monga ngolo imaima ng'ombe ikagona pansi. Ana ambiri amathamangira mzere womaliza, wa liŵiro, naiŵala kuŵerenga ya pamwamba imene ikunena zoona zake.

Mboni yachiŵiri ndi foni ya m'manja. Imani nayo pamalo penipeni pamene pali gemu, osati pakhomo la chipinda kapena pafupi ndi rauta. Zimitsani data ya m'foniyo kuti isakunamizeni, ilumikizeni ku Wi-Fi ya pakhomopo, ndipo tsekulani tsamba lililonse la nkhani. Foni nayo ikalephera, gemu yapezeka yosalakwa, ndipo mlandu watsala ndi mtunda, rauta kapena kampani. Ikatsekula bwino, ndiye kuti gemu ndi rauta ndizo sizikumvana. Mboni yachitatu ndi foni yomweyo mutaisandutsa hotspot. Gemu ikailandira n'kuloŵa pa intaneti, dziŵani kuti kawailesi ka m'kati mwake kali moyo, ndipo ulendo wa kwa mmisiri uthere pomwepo. Eni ma iPhone atsopano akumbukire kuyatsa Maximize Compatibility, chifukwa popanda kutero foniyo ingathe kuulutsa pa mafunde amene gemu zakale sizimva. Za mafunde ameneŵa tikamba tsopano.

MAKOMA A NJERWA

Ambiri mwa ife mu Lilongwe timalandira intaneti kudzera m'rauta yoikamo SIM khadi ya TNM kapena Airtel, kapena m'kabokosi kakang'ono kaja ka MiFi. Ena ali ndi waya wa fibre, ndipo chiyambire 2023 enanso ali ndi mbale ya Starlink padenga. Apa pali chinthu chimene chimasokoneza ngakhale anthu ophunzira. Rauta ya SIM khadi imalankhula mbali ziŵiri: imalankhula ndi nsanja ya kampani imene ili kutali, ndiponso imalankhula ndi zipangizo za m'nyumba. Maulalo ndi aŵiri, ndipo uliwonse ungathe kuthyoka paokha. Timizere todzaza pa gemu timangonena kuti gemuyo ikumva rauta. Za nsanja sitinena kanthu.

Tsono kuti imve bwino nsanja, rauta imaikidwa pa zenera, kaŵirikaŵiri kumapeto kwenikweni kwa nyumba. Gemu nayo imakhala pabalaza, m'kabati ya pansi pa kanema, yopanikizidwa pakati pa dekoda ndi masipika, chitseko chili chotseka poopa fumbi la mu Okutobala. Nyumba zambiri za ku Area 10, Area 12 ndi Area 43 zili pa mapuloti aakulu amene adayalidwa m'masiku a Capital City Development Corporation, bungwe limene lidakhazikitsidwa mu 1968 kukonzekera kuti likulu lichoke ku Zomba, monga zidachitikira mu 1975. N'zazitali, za njerwa zootcha, zokhala ndi zipinda zondondozana, ndipo kuseri kuli kanyumba ka antchito kamene masiku ano nthaŵi zambiri mumagona mnyamata wamkulu wa pabanjapo, pamodzi ndi gemu yake. Amene adamanga nyumbazi ankaganiza za mpweya wabwino ndi mtendere. Za Wi-Fi sakadalota, popeza ngakhale dzinalo lidabadwa mu 1999.

Wi-Fi ndi wailesi basi, ndipo aphunzitsi anzanga a Physics ali ndi phunziro laulere pano. Rauta imaulutsa pa mafunde a 2.4 GHz kapena a 5 GHz, kutanthauza kuti amagwedezeka ka 2,400 miliyoni kapena ka 5,000 miliyoni pa sekondi imodzi. Popeza amayenda pa liŵiro la kuŵala, makilomita 300,000 pa sekondi, wophunzira atha kugaŵa yekha napeza kuti funde limodzi la 2.4 GHz ndi lotalika masentimita 12.5, pamene la 5 GHz ndi la masentimita 6. Mphamvu imene rauta imaulutsira njochepa kwambiri, kaŵirikaŵiri siifika ngakhale wati imodzi. Khoma lililonse la njerwa limadyako gawo lake. Konkire yokhala ndi zitsulo m'kati imadya koposa. Madzi amameza mafundewo, choncho thanki, giza, ngakhale matupi a alendo odzaza pabalaza amaŵafooketsa. Chitsulo chimaŵabweza monga kalilole abwezera kuŵala, motero furiji, malata, zitsulo zotchinga akuba m'mazenera, ndi msana wa kanema weniweniwo, zonsezi ndi mipanda. Mafunde a 5 GHz amasenza katundu wambiri koma amatopa msanga akakumana ndi makoma, a 2.4 GHz amafika patali koma mseu wao ngwopapatiza.

Chithandizo chake sichilira ndalama. Tulutsani gemu m'kabati. Kwezani rauta pa shelefu, isakhale pansi kuseri kwa mpando. Kenaka lingalirani mzere woongoka kuchokera pa rauta kufika pa gemu, muŵerenge makoma amene mzerewo ukuboola. Kusuntha rauta mita imodzi yokha, kuti mafunde adzere pakhomo m'malo moboola makoma aŵiri mopingasa, nthaŵi zina kumachita zimene rauta yatsopano sikadachita. PlayStation imasonyeza mphamvu ya mafunde mwa maperesenti pa View Connection Status, choncho mungathe kuyesa malo ndi malo n'kumalemba m'kope, monga tichitira m'labotale.

GEMU YOGONTHA

Nthaŵi zina gemu ili pafupi ndithu ndi rauta, koma dzina la netiweki silitulukira n'komwe pa mndandanda, chikhalirecho foni ikuliona. Apa mlandu ngwa msinkhu wa gemu, kapena wa dziko limene idachokera. PlayStation 3 ndi PlayStation 4 yoyamba, ya mu 2013, zimamva 2.4 GHz yokha. Khutu la 5 GHz lidabwera ndi PlayStation 4 Slim ndi Pro mu 2016. Yang'anani nambala yolembedwa pa makina: yoyamba ndi CUH-1 ndiyo yakale, CUH-2 ndi Slim, CUH-7 ndi Pro. Gemu zakalezi zikadali zambiri m'manja mwa anthu, poti ndizo zotsikirako mtengo zikafika ngati kaunjika. Mwini rauta akazimitsa 2.4 GHz, poganiza kuti nambala yaikulu ndiyo yabwino, watsekera gemu yotere kunja. Marauta atsopano ali ndinso khalidwe lophatikiza mafunde onse aŵiri pansi pa dzina limodzi, namasankhira chipangizo chilichonse okha, ndipo gemu zina zakale zimapunthwa pamenepa. Alekanitseni, mtundu uliwonse wa mafunde ukhale ndi dzina lakelake.

Kuloŵa m'kati mwa rauta sikufuna digiri. Pansi pake pali kapepala kolembedwa nambala yoloŵera, dzina ndi mau achinsinsi. Marauta a Huawei kaŵirikaŵiri amayankha pa 192.168.8.1, ena pa 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1. Lembani nambalayo pa foni pamene mumalemba dzina la tsamba. Langizo langa ndi lakuti musinthe chinthu chimodzi pa nthaŵi, muyese, ndipo mulembe chimene chidalipo kale. Wosintha zinthu zisanu nthaŵi imodzi sadziŵa chimene chamuchiritsa, ngakhale chimene chamupha.

M'katimo mupeza mau akuti channel. Mseu wa 2.4 GHz udagaŵidwa m'tinjira. Maiko a ku Europe ndi ena ambiri amalola tinjira 1 mpaka 13, koma zipangizo zopangidwira msika wa ku America kaŵirikaŵiri zimalekera pa 11. Taganizani tsono za gemu imene adatumiza amalume a ku Indiana kapena ku Texas. Rauta yosiyidwa kuti izidzisankhira yokha ingathe tsiku lina, magetsi atangobwera, kukhala pa kanjira ka 13. Foni idzaipeza, gemu ya ku America idzakhala ngati yogontha, ndipo maŵa lake zonse zidzakhala bwino popanda amene wakhudzapo. Zotere ndizo zimachititsa anthu kunena kuti chipangizo chili ndi mizimu. Ikhazikeni pa 1, 6 kapena 11. Tinjira titatu timeneti ndito sitipondana, chifukwa tinjira tonse tidatalikirana 5 MHz yokha pamene kuulutsa kumodzi kumatenga pafupifupi 20 MHz.

Ku Old Town nkhani njosiyana ndi ya ku Area 43. Kumeneko vuto si mtunda koma phokoso. M'mashopu ndi m'nyumba zosanja za ku Area 2, mozungulira mseu wa Malangalanga, foni imodzi imaona maina a Wi-Fi ambirimbiri, onse akulankhula pa tinjira tomwe tija, monga oitanira minibasi pa depoti. Aliyense ayenera kudikira kuti mnzake atonthole, ndipo mpira pa kanema umayenda modukizadukiza. Kumalo kotere 5 GHz ndiyo ipambana, ngati gemu iimva, popeza chipinda n'chaching'ono ndipo makoma omwe aja amatsekera kunja phokoso la anansi. M'nyumba namonso muli oyambitsa phokoso: uvuni wa microwave umagwira ntchito pa 2.45 GHz, zipangizo za Bluetooth zili pa mseu womwewo, ndipo ngakhale hard disk ya USB 3.0 yolumikizidwa ku gemu imadziŵika kuti imasokoneza 2.4 GHz ikakhala pafupi kwambiri.

Gemu ikaona dzina koma n'kukanidwa pakhomo, yambani ndi mau achinsinsi. Kulemba ndi padi ya gemu n'kovuta, ndipo chilembo chachikulu ndi chaching'ono n'zosiyana. 0 ndi O, 1 ndi l, zanamiza anthu ambiri. Pabanja pamene bambo adasintha mauwo dzulo, ataona kuti bandulo ikutha ngati mchere m'madzi chifukwa cha anansi, gemu imakhalabe ikugogoda ndi kiyi wakale. Ilembetseninso netiwekiyo mwatsopano. Onaninso ngati gemuyo siili pa mndandanda wa zipangizo zoletsedwa, ndiponso ngati MiFi siidadzaze, popeza timabokosi timeneti tili ndi malire a zipangizo zimene timalandira, ndipo pa tchuti, achibale atabwera ndi mafoni ao, malirewo sachedwa kukwana. Pomaliza pali loko weniweniyo. WPA2 idabwera mu 2004, WPA3 mu 2018. PlayStation 4 ndi Nintendo Switch yoyamba sizidziŵa WPA3, choncho rauta yatsopano yokhomedwa ndi WPA3 yokha idzazikana ngakhale mau ali olondola. Ikani WPA2 ya AES. Musachotse loko yense poti mwatopa; amene adzadye bandulo yanu sadzakuthokozani.

NAMBALA YA PULOTI NDI BOKOSI LA KU POSITI

Tinene kuti gemu yaloŵa, koma mzere wa IP walephera. Munthu wa mu Lilongwe savutika kumvetsa IP, popeza tidazoloŵera kulondolera nyumba ndi manambala: Area yakuti, sekita yakuti, puloti yakuti. M'rauta muli kalaliki wotchedwa DHCP amene amagaŵa mapuloti kwa chipangizo chilichonse chofika. Nambala yabwino kaŵirikaŵiri imayamba ndi 192.168. Mukaona yoyamba ndi 169.254, ndiye kuti kalalikiyo sadayankhe ndipo chipangizo chadzipatsa chokha puloti ya m'tchire, kumene kalata siifika. Zimitsani rauta pa soketi, dikirani theka la mphindi, iyatseni, mudikirenso mphindi ziŵiri kapena zitatu, ndipo pambuyo pake yatsani gemu. Dongosololi lili ndi chifukwa. Magetsi akabwera atathima, zonse zimadzuka pamodzi, koma gemu imafulumira kuposa rauta, nifunsa puloti kalaliki asanakhale pa mpando.

Kuthimathima kwa magetsi kumavulazanso mwakachetechete kachaja ka rauta. Nyali zimayaka bwinobwino, koma ntchito ikachuluka rauta imazima n'kudzukanso yokha. Musanagule rauta ina, bwerekani chaja cha mavoti ofanana ndi cha kukula koyenera, muone ngati khalidwelo lisintha.

Mzere wa intaneti ukalephera pamene IP ili bwino, funsani kaye funso limene ambiri amachita nalo manyazi: kodi bandulo ilipo? Ndipo ndi bandulo yanji? Ya WhatsApp kapena ya Facebook imachititsa foni kuoneka yamoyo pamene gemu ilibe njira, n'chifukwa chake ndidati mboni yachiŵiri itsekule tsamba la nkhani. Dziŵaninso kuti maseŵera a masiku ano amadzikonza okha ndi katundu wa ma gigabyte makumimakumi, ndipo gemu yosiyidwa ili mtulo, osati yozimitsidwa, ingathe kumeza bandulo ya mwezi usiku umodzi. Makolo ogula intaneti yoŵerengera azimitse Automatic Downloads.

Bandulo ikakhala ilipo, wotsatira ndi DNS, amene ali ngati buku lija la manambala a telefoni: mumampatsa dzina, iye nakupatsani nambala. Buku la kampani likachita ulesi, mungathe kulemba pamanja 8.8.8.8 ya Google, imene idayamba mu 2009, kapena 1.1.1.1 ya Cloudflare, ya mu 2018. Koma ndichenjeze anyamata amene amamvera aliyense wolankhula pa YouTube: kusintha DNS kumathandiza gemu kupeza khomo, sikufupikitsa mseu. Mpira ukayamba, DNS yamaliza kale ntchito yake.

Mzere wa PlayStation Network nawo ungalephere popanda cholakwa chilichonse m'nyumba mwanu. Mu 2011 netiweki ya Sony idatsekedwa masiku 23 akuba a pa kompyuta ataithyola, ndipo mu Febuluwale 2025 idagona pafupifupi tsiku lathunthu pa dziko lonse. Ndi marauta angati osalakwa amene adamenyedwa makofi tsiku limenelo? Sony ili ndi tsamba losonyeza ngati zinthu zili bwino. Liyang'aneni pa foni. Onaninso deti ndi nthaŵi pa gemu, chifukwa wotchi yosokera imalepheretsa kulumikizana kotetezedwa. Kumbukiraninso kuti Malaŵi sali pa mndandanda wa maiko amene Sony imatsekulira akaunti, motero ambiri kuno adalembetsa ngati a ku South Africa kapena ku United Kingdom, ndipo makadi olipirira ayenera kukhala a dziko lomwelo. Maseŵera ambiri amafunanso PlayStation Plus yolipira kuti munthu aseŵere ndi anzake pa intaneti, kupatula aulere monga Fortnite. Mwezi ukatha, rauta ilibe chonena.

Tafika pa NAT, pamene pagona nkhani ya ambiri a ife. Zonse zapambana, liŵiro n'labwino, koma mwana sangathe kupeza mnzake, kapena amuona koma samva mau ake. PlayStation imalemba Type 1, 2 kapena 3. Xbox imati Open, Moderate kapena Strict. Amene mudakulira kumudzi mukumbukira kuti mudzi wonse unkalandira makalata kudzera m'bokosi limodzi la ku positi, la sukulu ya pulaimale kapena la mishoni. Inu mukalemba kalata, yankho linkakupezani, popeza ahedi ankadziŵa kuti mwana wa uje akudikira yankho. Koma mlendo akayamba yekha kulembera bokosilo osatchula bwino mwini kalata, inkangokhala mu ofesi. Ndi mmene NAT imagwirira ntchito. Manambala a IP a mtundu wakale, IPv4, alipo pafupifupi 4.3 biliyoni okha, pamene anthu pa dziko adapitirira 8 biliyoni mu 2022. Choncho nyumba yonse imatuluka ndi nambala imodzi, ndipo rauta ndiye ahedi. Maseŵera ena amafuna kuti gemu ziŵiri zilemberane mwachindunji, ndipo onse aŵiri akakhala pa Type 3 palibe amene angayambe.

Ngati ahedi ndi mmodzi, chithandizo n'chapafupi: yatsani UPnP m'rauta, imene imalola gemu kudzilembetsa yokha kuti makalata akutiakuti ndi ake. Vuto limakula ahedi akakhala aŵiri. M'nyumba zazikulu anthu amakonda kulumikiza rauta yachiŵiri ku yoyamba kuti Wi-Fi ifike kuseri, ndipo iliyonse imachita NAT yake. Yachiŵiriyo iikidwe ngati access point, ingoulutsa chabe, isagaŵe mapuloti. Koma ahedi achiŵiri ovuta kwambiri sakhala m'nyumba mwanu ai. Amakhala ku kampani. Makampani a mafoni m'maiko ambiri amaika makasitomala ochuluka kuseri kwa nambala imodzi, njira yotchedwa CGNAT, ndipo Starlink nayo imatero kwa makasitomala wamba. Loŵani m'rauta muone nambala yake yakunja, ya WAN. Ikayamba ndi 10, kapena ikakhala pakati pa 100.64 ndi 100.127, muli kuseri kwa bokosi la kampani. Pamenepo kutsekula ma port usiku wonse n'kutunga madzi ndi dengu, ndipo rauta yodula bwanji siisintha kanthu. Chotsala ndi kufunsa kampaniyo ngati imapereka nambala yakeyake ya poyera, ndi mtengo wake.

LIŴIRO NDI KUCHEDWA

Pali dandaulo lina limene silioneka pa mayeso aja: wadina batani, koma woseŵera pa kanema amenya mpira mochedwa. Anthu amathamangira kugula bandulo ya liŵiro lalikulu, osadziŵa kuti liŵiro ndi kuchedwa n'zinthu ziŵiri. Lole imanyamula matumba ambiri kuposa njinga yamoto, koma siiyamba kufika. Kuseŵera kumatumiza timauthenga tating'ono kwambiri. Chofunika n'chakuti tipite ndi kubwerera msanga, ndiponso mosadukiza. Nthaŵi imeneyi, imene ana amati ping, imayezedwa m'magawo a sekondi otchedwa ms, 1,000 pa sekondi imodzi.

M'waya wa fibre kuŵala kumayenda makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 1,500 moongoka, choncho ulendo wopita ndi kubwera sungachepere 15 ms. Ku London ndi pafupifupi 8,000, ndiye kuti 80 ms, ndipo zimenezo n'za pa pepala chabe. Dziko lathu lilibe gombe, mawaya ake amadzera kwa anansi monga Tanzania ndi Mozambique kukakumana ndi a pansi pa nyanja, monga SEACOM ya mu 2009 ndi EASSy ya mu 2010, ndipo njira zimenezo n'zokhotakhota. Zinthu zidapepukako pamene Microsoft idatsekula nyumba zake za makompyuta ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu 2019, ndi Amazon ku Cape Town mu 2020. Maseŵera akakupatsani mwai wosankha dera, sankhani South Africa ngati ilipo. Mtunda wa ku London palibe mmisiri angaufupikitse.

Chimene mungachotse ndi kuchedwa kwa m'nyumba mwanu. Pa Wi-Fi uthenga ukaombana ndi wina umatumizidwanso, ndipo mlongo akayamba kuonera filimu kuchipinda, gemu imaima pa mzere. Pano ndinene maganizo anga mosabisa: gemu ndi chipangizo chokhazikika, sichiyenda ngati foni, ndipo chinthu chokhazikika chiyenera chingwe. Chingwe cha Ethernet chimafika mamita 100 osafooka, mtengo wake ndi kachigawo chabe ka mtengo wa rauta, ndipo chimathetsa nthaŵi imodzi nkhani ya makoma, ya channel, ya WPA3 ndi ya mau achinsinsi. PlayStation ndi Xbox zili ndi khomo lake kumbuyo. Switch yoyamba imafuna kadaputala ka USB. Amai ena sakondwera kuona chingwe chikukwawa pabalaza, koma mmisiri wa magetsi amadziŵa kuchidutsitsa kudenga kapena m'mbali mwa khoma. Chikapita ku nyumba ya kuseri chiloŵe m'paipi, ndipo m'dzinja, mphenzi zikayamba, chizulidwe mbali zonse ziŵiri. Ma MiFi ambiri alibe khomo la chingwe, choncho wogula rauta chifukwa cha gemu ayang'ane kumbuyo kwake asanapereke ndalama.

Nanga ulendo wa ku Old Town uyenera liti? Uyenera pamene gemu siiona netiweki iliyonse, ngakhale hotspot ya 2.4 GHz ya foni yoikidwa pambali pake, kapena iiona mofooka kwambiri, chikhalirecho pa chingwe ikugwira bwino. Chizindikiro china ndi padi imene imaduka munthu akangokhala patali pang'ono, chifukwa mu PlayStation 4 Wi-Fi ndi Bluetooth zimachokera m'kachipangizo kamodzi. Zikatero n'kutheka kuti kawaya ka eriyo kazuka, makamaka ngati gemuyo idatsekulidwapo pochotsa fumbi, kapena kachipangizoko kafa. Pitani ndi kope lanu lija, mumuuze mmisiri mayeso amene mwachita ndi zimene mwapeza, ndipo mumpemphe kuti ayambe wayang'ana eriyo asanakambe zosintha china chilichonse. Mtengo akauchulutsa, gemuyo ibwerere kunyumba ikagwire ntchito pa chingwe.